Nkhoswe ya Wachipewa Choyera

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mamawa. Unali mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, kamvuluvulu akungoyendayenda m'minda kunyamula phulusa ndi mapesi. Kumadzulo mitambo inkasonkhana n'kumagunda chapansipansi, koma tonse tinkadziwa kuti ikungotinyenga. Dzuwa litapendeka panamveka phokoso lina lachilendo, la injini ya magetsi imene bambo wansembe anaiika kuseri kwa sukulu ya pamishoni. Inkati du-du-du, n'kutsokomola, n'kuyambanso. Agalu onse a m'mudzi anaiyankha.

Zinali m'zaka za Chitaganya. Ine ndinali mkamwini m'mudzi wa malemu mkazi wanga kufupi ndi Namitete, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wakumsana. Ndinkaphunzitsa ana katekisimu ndi kuwerenga pa kasukulu kaudzu. Kwathu ndi cha ku Nambuma, kumene mayi anga anatsala okha ndi munda wa fodya, maso atayamba kuchita khungu. N'chifukwa chake ndinali nditatuma ankhoswe anga kukapempha chitengwa, kuti andilole kutenga banja langa kupita nalo kwathu. Mwini mbumba anali amalume a mkazi wanga, munthu wamtali, woyankhula pang'onopang'ono, wokonda kuseka ndi maso okha. Yankho lawo linali lakuti, "Tamva. Tiyankha mvula isanagwe." Mvula ikanagwa tisanasamuke, munda wa mayi ukanagona chaka china. Choncho mtambo uliwonse wogunda unkandikumbutsa munda umenewo.

Sindinali munthu wa mawu. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, ankauza anthu kuti ine ndimalankhula Lamulungu lokha, ndiponso tsikulo ndimalankhula ndi Mulungu, osati ndi anthu.

Kanema masiku amenewo tinkamutchula bayisikopo. Wina tinali titamuonapo, wa boma, wophunzitsa kukumba zimbudzi ndi kupanga migula m'minda. Koma uyu anali wa mtundu wina. Bambo wansembe anamubwereka kwa mnzawo ku Lilongwe, nabwera naye pa njinga yamoto m'zitini zozungulira, ndipo mbiri inawanda kuti muli akavalo ndi mfuti. Anatseka mazenera a sukulu ndi masaka ndi mabulangeti kuti mukhale mdima, napachika nsalu yoyera kukhoma. Anthu anadzaza, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, ana pansi kutsogolo. Fungo la thukuta ndi fodya linali loti ungaligwire ndi dzanja.

Mkulu amene ankamasulira nthawi zonse mawu anali atamuthera ndi chifuwa. Bambowo Chichewa ankachidziwa, koma manja awo anali pa makina. Anayang'anayang'ana, nandipeza nditatsamira kukhoma. Anandipatsa lipenga lopinda ndi lata.

"Si zovuta, aphunzitsi," anatero. "Wa chipewa choyera ndi wabwino, wa chipewa chakuda ndi woipa. Zinazo muona nokha."

Chingerezi changa chinali cha m'buku la Sitandade 4. Anthu a m'kanemamo ankalankhulira m'mphuno, ngati akutafuna nzimbe, ndipo sindinamvepo kanthu kupatula dzina la kavalo. Koma mdima uli ndi mphamvu yake. Palibe ankandiona nkhope, ndipo lipengalo linkakuza mawu anga mpaka ine ndemwe ndinkadabwa. Ndinangoyamba kuika mawu m'kamwa mwa aliyense wotsegula pakamwa.

Nkhani yake inali iyi. Wa chipewa choyera anafika pa kavalo m'mudzi wa nyumba zamatabwa. Anapeza nkhalamba pachitsime, natenga chikho n'kumwa, osapereka moni. Kumbali ya amuna kunamveka "Aaa!" Ine ndinafuula m'lipenga kuti, "Ndafika ine, woteteza anthu!" Kenaka wa chipewa chakuda ndi mng'ono wake anaba ng'ombe za m'mudzimo. Woyera uja anawathamangitsa, nawombera mng'onoyo, ndi ena ambiri amene sitinauzidwe ngakhale kwawo. Aliyense akagwa, ine ndinkati "Phuu!" ngakhale mfutiyo inali italira kale yokha.

Zinthu zinatembenuka pamene wakuda uja anabwerera kudzatola mng'ono wake. Anamunyamula paphewa, nakumba manda ndi manja ake, naunjikapo miyala. Anavula chipewa, n'kugwada, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanapeze chonena pamene mayi wina kumbali ya akazi anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro. Anzake anamulandira. Bambo wansembe anatembenuka n'kumwetulira, poganiza kuti mitima ya anthu yakhudzidwa ndi kuipa kwa tchimo la kuba.

Pomaliza awiriwo anakumana pamsewu. Woyera anafulumira dzanja, wakuda n'kugwa chafufumimba. Woyera anauzira mfuti yake, naibweza m'chiuno. Mtsikana wina anatuluka pakhonde atanyamula mbale ya chakudya. Iye anangokhudza chipewa chake, n'kukwera kavalo. Mtembo uli gone pamsewu, galu akuununkhiza.

"Nanga maliro?" anafuula munthu wina mumdimamo.

Pa nsalupo munthuyo anali akunena kanthu kena kwa mtsikana uja, ndipo ine ndinayenera kumupatsa mawu. Amene anabwera ndi awa: "Ntchito yanga yatha. Ena akwirira!"

Nsalu inayera, masaka anachotsedwa, ndipo ine ndinabwerera kukhala munthu wachete. Panjira yopita kunyumba mkazi wanga ankangondiyang'ana cham'mbali, mwana ali kumsana.

Mawu aja sanathere m'sukulumo. Ana ankawomberana ndi mapesi, wina akagwa mnzake n'kufuula kuti ena akwirira. Mwamuna wina anasiya mzere wa munda pakati, nauza mkazi wake mawu omwewo, ndipo zinathera kwa ankhoswe. Ine ndinkangodutsa nditaweramitsa mutu.

Lamulungu lotsatira, nditangobwera ku Misa, mlamu wanga anafika pakhomo nkhope ili gwa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo pa iye.

"Alamu, amalume akukufunani."

"Ndi za chitengwa kodi?"

"Za chitengwa zidikire kaye. Kuli mlandu."

Ndinavala jekete langa ngakhale kunali kotentha. Mkazi wanga ndinamufuna osamupeza. Pansi pa mtengo wa mango, pakhomo pa amalume, panali patakhala mbumba yonse. Mkazi wanga anali pakati pa akazi, maso ali pansi, akusewera ndi zala za mwana. Apongozi anga aakazi sanaoneke, popeza ine ndi iwo sitinkaonana maso ndi maso monga mwa mwambo, koma ndinaona zidendene zawo kuseri kwa nkhokwe. Anandilozera mphasa ya ndekha, padzuwa.

"Akamwini," anayamba amalume atatha moni, "tsiku lija kusukulu, munthu wa chipewa choyera akatsegula pakamwa, mawu ankatuluka kwa yani?"

"Kwa ine, bambo."

"Chabwino. Tsono kwanu ku Nambuma, munthu woimirira pagulu n'kumalankhulira mnzake mumati ndi ndani wake?"

Ndinaona kumene njirayo ikulowera, koma panalibe pokhotera. "Timati nkhoswe."

"Eya, n'chimodzimodzi kuno. Ndimaopa kuti mwina kwanuko n'zina. Ndiye poti mwini wake anathawa pa kavalo, ife tagwira nkhoswe."

"Koma bambo, ine ndinalankhuliranso wakuda uja."

"Mwamva?" anadumpha mlamu wanga. "Nkhoswe imodzi mbali ziwiri! Amalume, uwu ndi mlandu winanso, tiusungire mawa."

Akazi anabisa nkhope m'nsalu. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za mayi anga ndi mitambo ija.

Mlamu wangayo ndiye anali woneneza. Anatulutsa chimanga m'thumba, naika pansi milu iwiri, wina waung'ono, wina waukulu ndithu. Anati mbewu iliyonse ndi munthu wophedwa, ndipo iye ankaponya imodzi m'thumba la kumanja kapena la kumanzere nthawi iliyonse imene ine ndinati "Phuu!" Mulu waukuluwo unali wa munthu wanga.

"Kuba ng'ombe n'koipa, sitikukana," anatero. "Koma ng'ombe zimalipidwa. Kodi munthu wanuyu anayamba wakhala pansi ndi abale a wakubayo? Anatumako mthenga? Iyayi. Wangofika, madzi a nkhalamba gwaa, moni osapereka, kenaka phuu, phuu, phuu. Alamu, kwanu mumatero eti?"

"Ayi."

"Ayi chiyani? Kwezani mawu. Kapena tikabwereke lipenga lija?"

Kuseri kwa nkhokwe kunachokera mawu a apongozi anga, akulankhula kwa mwana wawo wamwamunayo ngati ine palibe. "Iwe, tawafunsa ankhoswewo. Mbale ija mwana wa eni ake anaphika, anadya ndani?"

"Mwamva, alamu. Anadya ndani?"

"Sindikudziwa. Chithunzi chinathera pomwepo."

"Akuti sakudziwa, amayi."

"Nkhoswe yanji yosadziwa kumene kwapita mbale?" anatero mawuwo, ndipo zidendene zija zinagwedezeka.

Ndinayesa kudzipulumutsa. Ndinati, "Bambo, chija ndi chithunzi chabe. Palibe anafa. Anthu aja amachita kulembedwa ntchito."

"Tikudziwa," anatero amalume. "Si ife ana. Chithunzi chinabwerera ku Lilongwe m'chitini mwake. Koma mawu sanalowe m'chitini, anatsala m'mudzi muno. Dzulo mdzukulu wanga wapha buluzi, ndikumuuza kuti akataye, wandiyankha kuti ena akwirira. Mzungu wa m'chithunziyo sananene Chichewa. Tsono tiuzeni inu aphunzitsi, amene mumaphunzitsa ana athu za kumwamba. Mwa awiri aja, wabwino ndani?"

Apa ndipo ndinaona msampha. Ndikanati woyera, ndiye kuti ndavomereza zosiya mtembo pamsewu, ndipo palibe mwini mbumba angapereke mwana wake kwa munthu wotero. Ndikanati wakuda, ndiye kuti mphunzitsi wa katekisimu wayamikira mbala pamaso pa mudzi, ndipo nkhaniyo ikanafika ku mishoni ine ndisanaimirire. Thukuta linkatsika m'jekete. Nyenje zinkalira. Mlamu wanga anafunsa akazi ngati wina angapite kukaona mphika, poti ankhoswe agona.

Pomaliza ndinalankhula, ndipo ndinadabwa kumva mawu aja a m'lipenga akutuluka popanda lipenga.

"Bambo, ine anandiuza kuti ndiyang'ane chipewa. Ndinayang'ana chipewa, inu munayang'ana manja. Wakuda uja anaba, ndipo kuba ndi tchimo, kaya munthu alire bwanji pamanda. Komabe anagwada, ndipo munthu wodziwa kugwada ndimamuyembekezera. Woyera uja anabweza ng'ombe za anthu osauka, chimenecho sindingamulande. Koma anapha ngati akuthyola chimanga, ndipo sanatembenuke n'komwe. Amene ndikumuopa kwambiri ndi ameneyo, chifukwa sakudziwa kuti pali choti alape. Kunena kuti uyu ali kumwamba, uyu ali kumoto, ine sindingathe. Sitinaone kumene anachokera, sitinaone kumene anakagona. Koma mukandifunsa woti ndikhale naye pafupi pamaliro, nditenga wakubayo. Ng'ombe zokha ndiyamba ndatsekera."

Anthu anaseka, ngakhale amuna achikulire. Amalume okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe, nawerama pang'ono kundiyang'ana.

"Mwayankha. Tsono funso langa lenileni ndi ili. Inunso munabwera muno ngati mlendo. Mwatilimira, mwatimangira nkhokwe, mlandu ndi inu tilibe. Lero mukufuna kukwera kavalo. Mukamutenga mwana wathuyu kupita naye ku Nambuma, kuno kukagwa zovuta, mudzabwera? Nanga iyeyo tsiku lake likadzafika, mudzatibwezera kuti adzagone pafupi ndi amayi ake, kapena tidzangomva kuti ena akwirira?"

Pamenepo panalibe woseka. Mkazi wanga anakweza maso koyamba.

"Ndidzabwera," ndinatero. "Ndipo iyeyo ndidzabwera naye ndekha, ngati Mulungu adzayambe waitana iye. Ndidzakhala mpaka tsiku lometa."

Amalume anaomba m'manja kamodzi, mofatsa. "Chitengwa tapereka. Musamuke mvula isanagwe." Ndinayamba kuthokoza, koma anakweza dzanja. "Koma mlandu wa munthu wanuyo sunathe. Mtembo unasiyidwa pamsewu, ndipo mbale ya mwana wamkazi inanyozedwa. Nkhoswe ilipa tambala. Poti chipewa chinali choyera, tambalanso akhale woyera."

M'mudzi monsemo tambala woyera anali mmodzi, wanga. Ndinamulera kuchokera ali kamwanapiye, ndipo ndinkafuna kupita naye ku Nambuma kuti akayambitse khola. Komabe munthu amene wangopatsidwa kumene banja lake sakangana za nkhuku. Ndinaimirira kuti ndikamugwire.

"Khalani pansi, alamu, mwatopa," anatero mlamu wanga. "Ena agwira."

Sipanapite nthawi yoti munthu n'kuthamangitsa nkhuku, ngakhale yopunduka, pamene atsikana anatulukira ndi mbale zovundikira. Nyama inali itapsa mpaka kulekana ndi mafupa. Ndinayang'ana kuseri kwa khitchini ya amalume, ndipo ndinaona nthenga zoyera zitauma kale, mphepo ikuziulutsa. Tambala wanga anaphedwa ine ndili ku Misa, mlandu usanayambe n'komwe.

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali ataluma nsonga ya mpango wake, mapewa akugwedezeka ngati a wakuba uja pamanda.

Zonse zinaululika tikudya. Amalume anali atavomera chitengwa masiku angapo m'mbuyomo, nauza mkazi wanga kuti adzandiuze. Iye ndiye anawapempha kuti asafulumire. Mlamu wanga anabweretsa nzeru ya unkhoswe, apongozi anga anawonjezera za mbale, ndipo tambala anamugwira ndi mkazi wanga yemwe, ndi manja ake, ine nditangokhota pa mpanda ndi buku langa la mapemphero. Chimanga chija mlamu wanga sanawerenge n'komwe. Anangotapa m'nkhokwe m'mawa womwewo.

Pobwerera kunyumba ndinati, "Amake mwana, n'chiyani chimene mwandichitachi?"

"Inu abambo ake," anatero, "zaka zonsezi ndimati ndinakwatiwa ndi munthu wopanda mawu. Kusukulu kuja ndikumva chimunthu chikubangula mumdima, ndikufunsa mnzanga kuti kodi ameneyu ndi mwamuna wa yani, akuti ndi wako. Ndiye ndikanalola kuti muchoke m'mudzi muno amalume asanakumveni masana?"

"Nanga tambala analakwa chiyani?"

"Ameneyo ankandijompha mwana. Mlandu wake unali wakale." Anayenda pang'ono, n'kufunsa, "Mwakwiya kodi?"

"Ndikuganizabe," ndinatero.

Tinasamuka sabata yomweyo pa ngolo yobwereka, ndipo mvula yoyamba inatipeza titafoleratu nyumba. Mayi anga anakhala ndi mpongozi wawo zaka zawo zomaliza, akuseka kuposa mmene ndinawaonerapo. Tikapita kukacheza ku Namitete, bambo wansembe uja ankandipemphanso kuti ndimasulire kanema, ndipo ndinkavomera, koma munthu akagwa pa nsalupo ndinkayamba ndanena kuti, "Uyunso ali ndi amake." Bambowo ankati ndimatalikitsa nkhani.

Funso lija mkazi wanga sanalisiye. Nthawi iliyonse tikapha nkhuku, ankandiikira chiwalo m'mbale n'kufunsa kuti, "Mwatha kuganiza?" Ine ndinkati, "Pang'ono." Ana athu anakula akumva zimenezi osadziwa chiyambi chake.

Mulungu anayamba waitana iye. Ndinabwera naye ndekha ku Namitete monga ndinanenera, ndipo anagona pafupi ndi amayi ake ndi amalume aja. Ndinakhala mpaka tsiku lometa. Tsikulo mlamu wanga, mutu uli mbuu, mano atatsala owerengeka, anadzakhala pambali panga pamphasa. Kenaka anandigunda ndi chigongono.

"Ankhoswe," ananong'ona, "munthu wanu uja bwenzi pano ali kutali ndi kavalo wake."

Tinaseka mpaka akazi anatiyang'ana, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Atapukuta maso anandiuza kuti mlongo wake anamusiyira funso, loti akadzandipeza ndili ndekha adzandifunse ngati ndatha kuganiza za tambala uja.

Ndinamuuza zoona. Ndinatha kuganiza tsiku lomwe lija, pansi pa mango, fupa loyamba lisanafike kwa galu. Mkazi wanga, mlamu wanga, amalume, ndi apongozi anga kuseri kwa nkhokwe, onsewo ndinawakhululukira.